Kujambula usiku pa filimu: 80A, Vision3 500T kapena CineStill 800T?

Filimu yamasana inapangidwira kuwala kwa 5500K (K ndi muyezo wa mtundu wa kuwala: nambala ikachepa kuwala kumakhala kwachikasu, ikakula kumakhala kwa buluu), pomwe nyali za tungsten za mu studio zimatulutsa 3200K. N'chifukwa chake nkhope zimatuluka zachikasu mukajambula m'nyumba. Kale vutoli linkathetsedwa ndi filimu zokhala ndi chilembo T, zopangidwira kuwala kwa tungsten, monga Ektachrome 64T, Fujichrome 64T ndi Portra 100T. Zinasiya kupangidwa chifukwa ozigula anachepa. Ma studio anasamukira ku fulashi, yomwe kuwala kwake n'kofanana ndi kwa dzuwa, ndipo ojambula katundu wamalonda anatengeka ndi makamera a dijito, omwe white balance, kugwirizanitsa mitundu ndi kuwala komwe kulipo, imangosinthidwa ndi batani. Ngakhale Kodak itabwezeretsa Ektachrome mu 2018, inabweretsa E100 yamasana yokha.

Njira yotchipa ndi kuika fyuluta ya buluu ya 80A pa filimu yamasana. Mitundu imakonzeka bwino, koma fyulutayo imadya ma stop awiri, kutanthauza kuti kuwala kolowa kumachepa kanayi: ISO 400 (muyezo wa mmene filimu imamvera kuwala) imasanduka 100. Pojambula zinthu zosayenda, kamera ili pa tripod, palibe vuto. Pa phwando la ukwati ku Katoto mu Mzuzu, anthu akuvina, zithunzi zimatuluka zogwedezeka.

Vision3 500T ndi filimu ya kanema yomwe Kodak ikupangabe, ndipo pa khungu lakuda imasunga bwino mithunzi. Chenjerani ndi mpukutu wokhala ndi remjet, utoto wakuda wakumbuyo kwake. Filimuyi imafuna mankhwala otsukira filimu za kanema otchedwa ECN-2. Ikalowa m'makina a C-41, otsukira filimu wamba za zithunzi, utotowo umasungunuka n'kudetsa mankhwala ndi filimu za anthu ena. Muuzeni wotsuka musanamupatse.

CineStill 800T ndi 500T yomweyo yopanda remjet, choncho imatsukidwa mu C-41. Kuipa kwake, nyali iliyonse yowala imazunguliridwa ndi mkombero wofiira. M'misewu ya m'tauni usiku wa nkhungu zimakongola, koma pa diresi loyera la mkwatibwi ayi. Ndiyodulanso.

Musanagule iliyonse, yang'anani babu. Nyumba ndi masitolo ambiri mu Mzuzu muno ali ndi ma LED oyera a 6500K, ndipo pansi pa amenewa filimu ya T imatulutsa chithunzi cha buluu. Pamenepo filimu wamba yamasana ndiyo yoyenera, popanda fyuluta. Ya T isungireni mababu olembedwa 2700K kapena 3000K. Ikatsala m'kamera mpaka m'mawa, ikani fyuluta ya olenji ya 85 ndipo 500T muiyese ngati ISO 320.