WhatsApp Channel pofalitsa nkhani: ndi yabwino, bola mutu ukhale wokwana

WhatsApp inayambitsa ma Channel, njira yofalitsira uthenga kwa aliyense amene wasankha kukutsatirani, mu June 2023 ku Colombia ndi Singapore, ndipo pofika September chaka chomwecho anali atafika m'mayiko oposa 150. Kwa wailesi ya m'dera kapena mtolankhani woima payekha, Channel imaposa gulu la WhatsApp. Gulu limadzaza pa anthu 1,024, aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo sipalephera wina wobwera kudzatsatsa kaunjika pakati pa nkhani. Broadcast list, mndandanda wa anthu owatumizira uthenga umodzi nthawi imodzi, nayo imatenga anthu 256 okha, ndipo uthenga umangofika kwa amene anasunga nambala yanu. Pa Channel amalemba ndi eni ake ndi ma admin okha, nambala zawo n'zobisika.

Kutsegula sikuvuta: pitani pa Updates, sankhani Create channel, ikani dzina, chithunzi ndi mawu ofotokoza. Ma admin akhoza kufika 16, choncho wogwira usiku safunikira foni ya mkonzi.

Ntchito yeniyeni ili pa mutu wa nkhani. Owerenga ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp yokha ku Airtel kapena TNM, ndiye akadina link ya webusaiti yanu sitseguka. Mutu wokopa ngati "Simungakhulupirire zimene zachitika pamsika!" umamusiya munthu wotere manja lende, ndipo zotsalazo amadzazira yekha akamauza anzake. Lembani mutu wonena ndani, wachita chiyani, pamalo pati, monga: "Moto wapsereza mashopu 6 pamsika, palibe wavulala." Mawu 7 mpaka 12 akukwana. Muutsekere ndi kanyenyezi (*) uku ndi uku kuti zilembo zinenepe, pansi pake ziganizo ziwiri zonena gwero la nkhani, link pamapeto. Ngati munthu wangomangidwa, mawu oti "akumuganizira" akhale m'mutu momwemo, osati m'ndime yachitatu imene ambiri safikako.

Tsiku lilembedwe m'kati mwa uthengawo. Nkhani ikatuluka mu Channel imayenda pa forward ndi pa screenshot, ndipo screenshot yodulidwa sisonyeza kuti ndi ya liti. N'chifukwa chake chithunzi cha madzi osefukira a chaka chatha chimadzukanso mvula ikangoyamba. Ubwino wake, uthenga wotumizidwa pa forward umapita ndi dzina la Channel yanu, wolandira akhoza kudina n'kufika kugwero. WhatsApp imalola kutumiza uthenga kumalo 5 nthawi imodzi, koma ukazungulira kwambiri umatsika kufika pa amodzi.

Chokhumudwitsa ndi kabokosi kamene kamaoneka mukaika link. Mutu ndi chithunzi chake WhatsApp imazitenga pa webusaiti, pa zimene amazitcha og:title ndi og:image. Mukatumiza msanga kasanatuluke, anthu amangoona link yopanda kanthu. Dikirani masekondi angapo mutaimata. Chithunzi chikhale cha ma pixel 1200 ndi 630, chochepetsedwa kulemera, chifukwa cholemera kwambiri nthawi zina sichioneka n'komwe. Ndipo mukakonza mutu pa webusaiti mutatumiza kale, kabokosi kakale sikasintha. Mawu a uthenga wanu mukhoza kuwakonza, koma screenshot imene yapita kale imakhalabe ndi cholakwikacho, choncho dzina la munthu kapena chiwerengero cha omwalira zikalakwika, tumizani uthenga watsopano woyamba ndi mawu oti "Kukonza".

Zofooka zina ziliponso. Munthu akatsatira Channel, belu lomudziwitsa za uthenga watsopano limakhala lozimitsa mpaka ataliyatsa yekha, ndiye chiwerengero cha otsatira chisakunamizeni. Yang'anani angati aona uthenga uliwonse. Owerenga amayankha ndi emoji kapena kuvota, koma woona cholakwa alibe pokuuzirani pokhapokha mutaika nambala ya ofesi m'mawu ofotokoza Channel. Mauthenga amasungidwa masiku 30, si nkhokwe ya nkhani zakale. Komanso sabisidwa monga macheza a anthu awiri, aliyense wopeza Channel akhoza kuwerenga.

Pa nkhani zachangu, mitengo ya pamsika, zotsatira za mpira ndi machenjezo a nyengo, ndi chida choyenera, chaulere. Nkhani zofufuza zazitali zisiyeni pa webusaiti, pa Channel mungoikapo mfundo zake zazikulu zitatu.