Kamakina ka pepala koyezera siko selo: ndi kabwino, koma kamadana ndi kutentha

Ndakapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndikulembera anzanga a m'malabu a zipatala zing'onozing'ono amene mukuganiza zogula kamakina ka electrophoresis (njira yolekanitsa mitundu ya himogulobini ndi mphamvu ya magetsi) ka pepala, kaja konyamulika koyendera batire. Ife kuno ku Chigwa cha Shire tinayamba nako m'nyengo yozizira ndipo tadutsa nako chilimwe chonse, choncho khalidwe lake ndalidziwa.

Ubwino wake ngosachita kufunsa. Kale tinkadalira sickling test, ija yothira sodium metabisulphite pa galasi. Imeneyo imangonena kuti himogulobini S (mtundu wa puloteni yonyamula oxygen m'magazi umene umayambitsa siko selo) ilimo, koma siisiyanitsa mwana wodwala wa SS (wotengera S kwa makolo onse awiri) ndi wongotengera chibadwa wa AS (wokhala ndi S pamodzi ndi A, himogulobini yabwinobwino). Kuti mayi amve zenizeni, magazi ankayenera kupita kuchipatala chachikulu, ndipo amayi ena sankabweranso kudzamva zotsatira. Pano timatenga kadontho ka pachala, kuphwanya maselo ake, kudontheza pa kapepala ka cellulose acetate, ndipo pasanathe mphindi 15 yankho latuluka mayi akadali pabenchi. Magetsi akazima ntchito siima.

Nzeru yake ndi yakale. Linus Pauling ndi anzake anaonetsa mu 1949 kuti himogulobini ya odwala siko selo imayenda mosiyana ndi ya ena ikaikidwa m'mphamvu ya magetsi. Kusiyanako kuli pa amino asidi imodzi yokha: pamalo achisanu ndi chimodzi a tcheni cha beta, A ili ndi glutamic acid pomwe S ili ndi valine. Mu buffer (madzi a mankhwala oteteza kuti pH, muyezo wa asidi ndi alkali, isasinthe msanga) wa pH ya 8.4 kapena chapompo, mitundu yonse imalowera ku waya wa positive, A patsogolo, F (himogulobini ya makanda) pambuyo pake, kenako S, C (mtundu winanso wa himogulobini) kumapeto. Mipata ya pakati pa mizereyi ndiyo yankho lanu, ndipo mipatayo imadalira pH. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Buffer wake ndi wa Tris, borate ndi EDTA. Tris ndi wosapirira: kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, pH yake imatsika ndi 0.03 kapena kuchepera pang'ono. Botolo linayezedwa pa madigiri 25. Labu yathu ya malata mu Okutobala masana imapitirira 35. Mwaona kuti musanayatse n'komwe kamakinako, pH yasuntha kale. Mukayatsa, magetsi amayamba kuphwanya madzi pa mawaya aja. Timathovu timene mumaona ndi oxygen ndi hydrogen. Mbali ya positive imachuluka asidi, mbali ya negative imanka ku alkali. M'thanki yaikulu ija tinaphunzirira kusukulu, buffer ankakhala wochuluka moti zimenezi sizinkaoneka msanga. Mu cartridge (kachotengera ka pepala kolowetsa m'kamakina) muli timadontho chabe, ndipo supuni ya mchere imene simungaimve mumgolo imawawitsa kapu ya madzi.

Kenako pali kutentha kochokera ku magetsi enieniwo. Pepala likatentha madzi amauluka, mchere wotsala umakhathamira, magetsi amadutsa ochuluka, pepala n'kutenthanso kuposa poyamba. M'mwezi wa Juni sindinaonepo vuto, mizere inkatuluka yopyapyala, yolekana bwino. M'chilimwe masana, control ya AFSC (sampulo yodziwika kale yokhala ndi mitundu inayi yonse, yoonera ngati kamakina kakuyeza bwino) inayamba kutuluka yofufuma, mizere ikufuna kukhudzana. Kwa munthu wamkulu wa AA kapena AS mutha kuwerengabe. Chimandidetsa nkhawa ndi makanda, chifukwa magazi awo ndi odzaza ndi F, ndipo ka A kapena ka S kochepa kamabisala m'mphepete mwa mzere wonenepawo. Kusiyana kwa FS (F ndi S zokha) ndi FAS (F, A ndi S) ndiko kusiyana kwa mwana woyamba kumwa penisilini ndi mwana wongopita kwawo. Zikatere ndimabwereza, ndipo cartridge iliyonse yobwereza ndi ndalama, yogulidwa kunja pa madola.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa chifukwa chimenechi. Kabuku kake kamangotchula malire a kutentha m'mzere umodzi, osafotokoza chomwe munthu angaone akawadumpha. Wogulitsa amene anatibweretsera anatiphunzitsa kudina mabatani, za pH sanatchuleko.

Zimene timachita pano n'zosavuta. Timayeza m'mawa dzuwa lisanakwere, makamaka magazi a makanda. Buffer amakhala wotseka kwambiri, kutali ndi zenera, chifukwa akakhala pululu mpweya wa carbon dioxide umalowamo n'kutsitsa pH pang'onopang'ono. Wakale sitimuonjezera watsopano. Chilichonse chochokera m'filiji timachisiya kaye chifanane ndi kutentha kwa m'chipinda. Control imayamba tsiku lililonse, ndipo ikatuluka yoipa magazi a wodwala sitiwakhudza. Timapepala toyezera pH tija tosintha mtundu musatidalire kwambiri pano, kusuntha kwa 0.2 kapena 0.3 diso silingakuone bwino. Ngati muli ndi pH meter, igwiritseni ntchito. Odwala akachuluka timakapumitsako pakati, ngakhale akunja adandaule.

Zina si mlandu wa kamakinaka, ndi malire a njira yeniyeniyo. Pa pH ya alkali, mitundu ina ya himogulobini, D ndi G, imayenda limodzi ndi S, pomwe E ndi A2 zimaima pamodzi ndi C. Kuti muzilekanitse pamafunika citrate agar ya pH 6.0 mpaka 6.2, kapena njira ina yoyezera yotchedwa HPLC. Komanso funsani nthawi zonse ngati wodwala anapatsidwa magazi m'miyezi itatu yapitayi. Mwana wa SS amene wangothiridwa magazi amaoneka ngati AS, ndipo palibe makina angakuuzeni zimenezo ngati simunafunse mayi.

Ngati labu yanu ili kozizira monga ku Dedza kapena ku Mzimba, gulani mosakayika. Anzanga a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Karonga, gulaninso, koma musanalipire mufunseni wogulitsa malire a kutentha kosungira ma cartridge ndi buffer, nthawi imene botolo limakhala likatsegulidwa, komanso ngati control ya AFSC ili m'kati mwa mtengowo kapena muzikagula padera.