kdump ndi crash, zovuta kuika koma zimakuuza chomwe chapha seva

Amene mumayang'anira ma seva a Linux vuto ili mukulidziwa, traffic ikangochuluka seva yazima yokha, yadzukanso, mukatsegula journalctl mulibe kalikonse, log yangodukira pakati basi. Chifukwa chake kernel, mtima wa Linux, ikapanga panic, kutanthauza kuima chifukwa cha vuto lalikulu, siimakhalanso ndi mpata wolemba pa disiki. Ndiye ine pa nkhani zoterezi ndimadalira kdump ndi crash, zaulere zonse ziwiri, ndipo ndinene momwe ndimaziwonera.

kdump imapatula kagawo ka RAM pa boot kudzera pa crashkernel= ija mu GRUB, kernel yaikulu ikafa kexec, njira yoyatsira kernel kuchokera mu inzake, imadzutsa ina yaing'ono m'kagawo komweko osadutsanso ku BIOS, iyoyo ndi imene imakopera memory ya malemuyo nkuisunga mu /var/crash ngati fayilo yotchedwa vmcore. Si zatsopano ayi, zinalowa mu kernel 2.6.13 mu 2005. Pa Ubuntu ndi apt install linux-crashdump, ku RHEL ndi abale ake kdump ili mu kexec-tools (pa RHEL 10 muikenso kdump-utils ndi makedumpfile).

Kukoma kwake kuli pa crash, pulogalamu yowerengera vmcore ija. Mukatsegula vmcore nkulemba log mumaona mizere yomaliza ija inasowa, mukalemba bt imakuonetsani njira yonse yomwe kernel inadutsa mpaka pomwe inagwera. Seva ina ya proxy inkangogwa madzulo anthu akachuluka pa intaneti, ena kumati RAM yaonongeka ena kumati ndi kutentha, koma bt inaonetsa net_rx_action, kenako NAPI poll, kenako function ya driver wa network card, NULL pointer pomwepo. Tinazimitsa GRO ndi TSO, njira zopepukitsira CPU pa ntchito ya ma packet, ndi ethtool -K, CPU inakwerako pang'ono koma kugwa kunatha mpaka driver watsopano atabwera. Popanda vmcore bwenzi titagula RAM yachabechabe.

Koma zotopetsa zilipo abale. crash siigwira popanda vmlinux ya debug symbols, fayilo ya kernel yokhala ndi maina a ma function ake, ndipo iyenera kufanana ndendende ndi kernel yomwe inagwa, kusiyana kanambala kamodzi ikukanani. Package yake ndi yaikulu zedi, ndi ma bundle athuwa mumamva kuwawa. Chinanso mukaipatsa crashkernel yochepa kernel yachiwiri ija nayo imafa ndi njala ya memory, mutsegule /var/crash mulibe kanthu, ndipo siikuchenjezani. Ndiye muiyese musanaikhulupirire, echo c > /proc/sysrq-trigger, koma dziwani kuti imeneyo imagwetsadi seva, chitani usiku makasitomala atagona.

Seva ya RAM yambiri vmcore yake ndi chimphona, onetsetsani kuti makedumpfile, yomwe imalemba vmcore ija, ili ndi -d 31 kuti itaye ma page opanda ntchito. Komanso muli ma password ndi ma key m'menemo, osamangotumizira aliyense.

Pali kugwa kwina komwe kdump siimva, seva yangouma, ping siyankha, pa screen soft lockup CPU stuck. Imeneyo si panic ndiye palibe dump, pokhapokha muike kernel.softlockup_panic=1 kuti CPU ikakakamira kupitirira masekondi 20 kernel idzigwetse yokha. Magetsi akathima UPS nkutha ndiye kdump musaiyang'ane nkomwe, si ntchito yake.

Ena amati netconsole ndiyokwanira, imatumiza uthenga wa kernel pa UDP ku makina ena, port 6666, kuika kwake mphindi zochepa. Zoona, nanenso ndimaiyatsa, koma ngati wapenga ndi network card yemweyo uthengawo utuluka bwanji? Ndipo musaiwale kuti nthawi zina si driver, SACK Panic ya mu 2019, CVE-2019-11477, munthu ankatha kugwetsa kernel ali kutali ndi ma packet a TCP okha, ndiye musanayambe kufukula vmcore onani kaye ngati kernel yanu ili ndi ma update.

kdump ndi crash ndikuzipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha ma debug symbols aja.