Miyezi 9 ndi masipuling'i aatali pa Probox

Alamu anga a ku Luchenza anandiimbira Loweruka: "Alamu, masipuling'i munaika pa Probox aja, ndigule nanenso?" Foni inandipeza ndikuchokera kolipira matayala awiri akutsogolo, ndiye ndinangoti adikire mtima uyambe watsika.

Ndinagula onse anayi ku Limbe mu Disembala 2023, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mwezi wam'mbuyo wake. Chinandichititsa kugula ndi nanazi. Ndikadzaza kumbuyo pa Chitakale, galimoto inkakhala pansi ngati nkhuku yofungatira, pamahampu nkumakhula. Vuto limenelo linatheratu. Ngakhale m'tinjira ta m'minda ya tiyi nthawi ya dzinja, pansi sipagundanso.

Ndinaika ndekha pabwalo la simenti kunyumba. Akumbuyo sanavute, chifukwa pa Probox sipuling'i ili payokha, shoko payokha. Ukamasula bawuti ya m'munsi mwa shoko nkutsitsa ekiselo pang'onopang'ono ndi jeke, imatuluka, bola kuyang'anira paipi ya mabuleki isakokeke. Akutsogolo ndiwo osaseweretsa. Sipuling'i imakhala yopanikizika pa shoko, ndipo ukamasula nati ya pamwamba usanaigwire ndi spring compressor (chida chopanikizira sipuling'i), imafwamphuka ndi mphamvu yotha kuthyola chibwano. Compressor ndi ma axle stand, zitsulo zokhazikapo galimoto ikakwezedwa, ndinabwereka kwa makaniko wina. Galimoto yokhala pa jeke yokha kapena pa njerwa zosanjikiza, alamu, musayerekeze kulowetsa mutu pansi pake.

Patatha masabata atatu kunayamba phokoso. Ndikapinda chiwongolero mpaka kumapeto, makamaka poimika pamsika, kumanzere kunkamveka "tong!" ngati mwana wagenda mgolo wopanda madzi. Pamsewu wowongoka, zii. Ndinamasula kawiri kuti ndione ngati nsonga ya sipuling'i yakhala pamalo pake pambale ya shoko. Inali bwinobwino. Ndinapita kwa wogulitsa uja nditakwiya kale.

"Bwana, anakuikirani ndani?"

"Ndekha."

Anaseka. "Ndiye galanti palibe, bwana."

Munthu yemweyo pogulitsa anandilonjeza kuti malabala okhalira masipuling'i ali m'katoni. Nditafika ku Mulanje munalibe, moti ndinabwezeretsa akale.

Ndinakhala nalo phokosolo miyezi inayi, ndikutukwana wogulitsa chamumtima pakona iliyonse. Analipeza ndi makaniko anandibwereka zida uja, m'mphindi zisanu. Anauza mwana wanga kuti azipinda chiwongolero, iye atatsamiza chikhatho pa sipuling'i. Inkapotoka, kupotoka, kenako nkudumpha kamodzi. Belingi ya pamwamba pa shoko inali itauma, siinkazunguliranso. Ndipo ndinaiona ndithu tsiku loika lija, yadzimbiri, nkuibwezera pomwepo poopa kuwonjezera ndalama. Pamenepo wogulitsa alibe mlandu, ngakhale sindinapite kukamuuza.

Matayala nawo ndi ine. Galimoto ikakwera msinkhu, kaimidwe ka mawilo akutsogolo kamasintha, ndipo imafunika alayimenti. Ndinkati ndichita mwezi ukatha, mwezi uja osatha. Matayala adyeka mbali imodzi mpaka mawaya kuonekera, mbali inayo mapanga ali chikhalire.

Ndiye ndikunena kuti chiyani? Tsiku limene ndadutsa pa Bvumbwe nditadzaza nanazi osakhula paliponse, ndimati ndinagula bwino. Pobwerera wopanda katundu, kumbuyo kumadumpha ngati ngolo, ndipo mayi akunyumba anasiya kunyamula mazira m'galimotomo. Lero, lisiti ya matayala ili m'thumba, ndikuona kuti ndalama imene ndinapulumutsa posapita kugalaja yapita yonse, ndi ina pamwamba.

Vuto langa linali kumbuyo kokha. Akutsogolo ndinawatenga chifukwa wogulitsa anakana kugulitsa awiri, ati ndi seti. Inu alamu, pezani wovomera awiri akumbuyo, ndipo katoniyo mutsegulire pakauntala musanatulutse ndalama. Ine malabala anga aja ndinakafunsanso sabata yatha. Akuti afika sabata yamawa.