Makombi opita kumayadi a Borrowdale: ulendo umodzi, kulipira kawiri

Kwa amene amagwira ntchito za m'nyumba, zosamalira maluwa kapena za ulonda kumayadi a kumpoto kwa Harare, makombi (maminibasi onyamula anthu) amafikitsa ndithu, koma thumba limalira. Kombi yochokera ku lokeshoni ya Glen View kapena Budiriro imakutsitsani m'tauni pa renki ya Market Square, ya ku Dzivaresekwa pa renki ya Copacabana. Ya ku Borrowdale ndi Hatcliffe mukaipeza pa renki ya Fourth Street, ndiye mudula tauni wapansi, mphindi ngati 20. Mukawerengera dola imodzi ya ku America pa kombi, n'kukwera kanayi patsiku kwa masiku 26, ndi madola 104 pamwezi, musanagule ufa.

Madalaivala si amene anakhota njirayi. Malamulo a atsamunda, Land Apportionment Act ya 1930 ndi lina la malo ogona anthu akuda m'matauni la 1946, anagawa Salisbury (Harare wa lero) potengera khungu. Azungu anatenga kumpoto, mayadi akuluakulu amitengo, ndipo anthu akuda, kuphatikizapo makolo athu ochokera ku Nyasaland, anawaunjika m'malokeshoni ngati Mbare, Highfield ndi Mufakose, mbali ya mafakitale. Ufulu unabwera mu 1980, kumayadi tsopano kukukhala akuda ambiri, koma amene amasesa ndi kulondera akugonabe kutali, ndipo misewu yawo yonse imayamba yathira m'tauni. Zimapweteka kuti wolandira zochepa ndiye amalipira ulendo wautali.

Ubwino wa makombi ndi woti amayamba m'mamawa kusanache ndipo nthawi yopita kuntchito amadzaza msanga. Zovuta n'zambiri. HiAce amaipanikiza anthu anayi pa mzere uliwonse. Madzulo, makamaka mvula ikagwa, mahwindi (oitanira ndi makondakitala) amakweza mtengo chifukwa anthu achuluka kuposa galimoto. Chenji chimasowa, choncho sungani madola amodziamodzi osang'ambika, ndipo funsani mtengo musanakwere, osati kombi itanyamuka.

Kombi ya ku Borrowdale imatsata msewu waukulu basi, silowa m'timisewu ta m'mayadi, ndiye onjezani nthawi yoyenda pansi kuchokera pa siteji. Mukamagwirizana za malipiro ndi abwana, ndalama yoyendera itchulidwe payokha, makombi anayi patsiku. Mushikashika (galimoto yaing'ono yonyamula anthu popanda chilolezo) umafulumira, koma amakhazika anthu awiri pampando wakutsogolo ndipo umathawa apolisi muli momwemo. Ngati mwanyamula mwana, dikirani kombi.