Silinda kapena makina: agogo apumire chiyani?

Agogo akafika pofunika okosijeni, njira zilipo ziwiri: silinda kapena makina osefa okosijeni otchedwa concentrator.

Silinda siifuna magetsi. Mukangotsegula, mpweya wayamba kuyenda. Koma imatha, ndipo imatha mwakachetechete. Kumalo osungirako okalamba, kumene wosamalira mmodzi amayang'anira zipinda zambiri usiku, adzaona ndani kuti kamuvi ka pa geji kafika pa ziro? Ndi yolemeranso, kukaidzazitsa kumafuna galimoto ndi ndalama.

Makina amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, womwe okosijeni wake ndi 21 peresenti chabe, n'kusefamo nayitirojeni. Ambiri amapereka mpaka malita 5 pa mphindi, ndipo mpweya wake sutha. Koma magetsi akangothima, nawonso aima pomwepo, ndipo kwathu kuno zimenezi si zachilendo.

Ine ndingasankhe makina, silinda yodzaza ili pambali pa bedi.

Komabe chimandiwawa ndi china. Ndinapezapo mayi okalamba timachubu ta m'mphuno titagwera pa pilo, makina akungolira okha, iwo akupuma mobanika. Mukamapita kukazonda, tengani kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni m'magazi. Kakaonetsa pansi pa 90 peresenti, itanani anamwino msanga.