Suzuki Jimny pa msewu wa ku Nyika: kagalimoto koyenera munthu woyenda yekha

Amene akufuna kukwera ku Nyika yekhayekha, wopanda mnzake womukankha akatitimira m'matope, Suzuki Jimny ndi imodzi mwa galimoto zomwe tingamulangize mosakayika. Komabe si galimoto yabwino paliponse. Ubwino wake umayamba kuoneka mukadutsa Rumphi, ndipo makilomita onse a phula musanafike kumeneko muyenera kungowapirira.

Ma Jimny amene amapezeka m'misewu yathu ndi amitundu itatu. Pali JB23 ya injini yaing'ono ya 660cc yokhala ndi turbo, yomwe imabwera yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan. Pali JB43 ya malita 1.3, komanso yatsopano, JB74, yomwe inatuluka mu 2018 ndi injini ya malita 1.5. Yonseyi ili ndi chasisi cholimba chapadera ngati cha lole, giya ya mphamvu ya 4L, ndi thanki ya malita 40. Yatsopanoyi ili ndi mpata wa mamilimita 210 pakati pa mimba yake ndi nthaka ndipo imalemera pang'ono kuposa tani imodzi. Kupepukako ndiye chuma chake: pamene galimoto yaikulu imazama, Jimny kawirikawiri imangodutsa pamwamba, ndipo ikakanirira, fosholo ndi jeke zimakwana kuti munthu mmodzi aitulutse.

Pa M1 ndi yotopetsa. Mukapitirira makilomita 100 pa ola injini imalira kwambiri, mphepo imaikankhira m'mbali, ndipo thiraki ikakudutsani mumamva chiwongolero chikugwedera. Musalimbane nayo, yendani pa 80 kapena 90.

Nkhani yaikulu ndi mafuta. Malo omaliza odalirika omwetsera ndi pa Rumphi boma. Kuchokera pamenepo kukafika pa Thazima, geti yolowera mu paki ya Nyika, kudzera ku Bolero ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchoka pa geti kukafika ku kampu ya Chelinda ndi enanso pafupifupi 60. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita 230, osawerengera kuzungulira pamwamba pa phiri, komwe munthu amatha makilomita 100 osazindikira. Pa phula Jimny imamwa malita 7 kapena 8 pa makilomita 100, koma pa zitunda, muli m'magiya ang'onoang'ono, werengerani malita 10. Ndiye kuti pa makilomita 330 onsewo, malita 33 mwa 40 apita. Mpata wotsalawo ndi wochepa kwambiri kwa munthu amene ali yekha, makamaka poganizira kuti petulo amatha kusowa pa Rumphi pomwe tsiku lobwerera. Dzazani thanki ku Mzuzu, muonjezerenso pa Rumphi, ndipo nyamulani chigubu chachitsulo cha malita 20. Chigubucho chimangidwe pansi kumbuyo, mutagwetsa mipando. Musachiike padenga: galimotoyi ndi yopapatiza komanso yaitali, ndipo katundu wolemera pamwamba amaipangitsa kupendekera pokhota.

Mbali yaikulu ya msewu wochoka ku Bolero kupita mtsogolo ndi yafumbi, ya mabampu ang'onoang'ono otsatizana. Apa ndi pomwe Jimny imavutitsa msana. Matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi oyandikana, mamita 2.25 okha, choncho imadumphadumpha ndipo kumbuyo kumatha kutsetsereka mukathamanga pakona. Mankhwala ake ndi mpweya wa m'matayala. Pa JB74 wovomerezeka ndi 1.8 bar. Pa fumbi tsitsani kufika cha pa 1.5, mukapopenso mukabwerera pa phula. Ambiri amapopetsa 2.5 chifukwa ndi momwe anyamata a pa filing'i anazolowera, kenako n'kumadandaula kuti galimoto ikugunda. Pampu yaing'ono yolumikiza ku batire ndi geji yake musazisiye.

Za 4WD, kukoka ndi matayala onse anayi, zimafuna kuzimvetsa bwino, chifukwa apa ndi pomwe anthu amaononga galimoto. Jimny ilibe difu yapakati, chipangizo cholola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana. Mukaika 4H, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana, zomwe zili bwino pa dothi loterera koma pa phula louma zimapanikiza magiya mpaka kuthyola zitsulo. Pa phula khalani pa 2H, pomwe matayala akumbuyo okha ndiwo amakoka. Mutha kulowetsa 4H galimoto ikuyenda molunjika pang'onopang'ono, koma 4L imafuna muime kaye, muponde klatchi kapena muike pa N ngati ili ya otomatiki.

Chinthu chomwe chimapusitsa ambiri pa ma Jimny akale ndi mahabu akutsogolo, zipangizo zomwe zimalumikiza matayala akutsogolo kuti nawonso azikoka. Amatsekedwa ndi mpweya woyamwa kuchokera ku injini kudzera m'timapaipi ta labala. Kapaipi kakang'ambika, mumaganiza kuti muli mu 4WD pomwe matayala akutsogolo sakukoka n'komwe, ndipo mumazindikira muli pakati pa chitunda chamatope. Musananyamuke, makaniko ayese pa dothi kapena atakweza galimoto, aone ndi maso kuti matayala onse anayi akukoka. Aonenso mabering'i a kingpin, pomwe matayala akutsogolo amakhotera. Akatha, chiwongolero chimanjenjemera mwamphamvu mukagunda bampu pa liwiro lapakatikati, ndipo zimenezi n'zoopsa.

Ku Chelinda muli pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300. Mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake. Chitunda chomwe kunsi mukanakwera ndi giya yachitatu, kuno chimafuna yachiwiri. Si vuto la injini ayi. Chodabwitsa n'chakuti ka JB23, komwe anthu amakanyoza, sikafooka kwambiri kuno chifukwa cha turbo.

Pamwambapa ndi pomwe galimotoyi imakoma. Mazenera ake ndi oongoka ndi aakulu, boneti mumaiona mpaka kumapeto, ndipo mumatha kutembenuka pa kanjira kopapatiza popanda kuponda udzu. Mapiri a udzu amangotsatizana mpaka komwe maso alekezera, mbidzi ndi chilembwe zikudya pafupi ndi msewu. Mukazimitsa injini pafupi ndi madamu a ku Chelinda, mumamva mphepo ikuwomba m'nkhalango ya paini yomwe inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Hita ya galimotoyi imatenthetsa msanga, zomwe mudzaziyamikira m'mawa wa mu June ndi July pamene chisanu chimayeretsa udzu. Chifunga chikatsika, yatsani nyali ndipo chepetsani liwiro, poti nyama zimaima pamsewu penipeni. Netiweki ya foni ndi yosadalirika m'malo ambiri, choncho uzani a pa kampu njira yomwe mwatenga ndi nthawi yomwe mubwerere.

Potsika, musadalire mabuleki okha. Akumbuyo ndi a dramu, ndipo mukawapondereza mtsetse wonse amatentha n'kusiya kugwira. Ikani giya yachiwiri, kapena 4L pamalo otsetsereka kwambiri, injini igwire galimoto. Malangizo omwewa ndi ofunika kwambiri mukaonjezera ulendo wa ku Livingstonia kudzera msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba, wa makona 20 okhota kotheratu, komwe kufupika kwa Jimny kumathandiza kukhota kamodzi popanda kubwerera m'mbuyo m'mphepete mwa phompho.

Pa JB74, malo a katundu ndi malita 85 okha mipando yakumbuyo ikakhala chilili. Kwa banja la anthu anayi ndi zikwama zawo, iyi si galimoto yake. Kwa munthu mmodzi, mukagwetsa mipandoyo mumakwana tenti, chakudya, madzi malita 10, chigubu cha petulo, fosholo, chingwe chokokera, thabwa loikapo jeke pa dothi lofewa, ndi zomatira tayala likabooka. Masipeya a Jimny sapezeka msanga kumpoto ngati a Toyota, choncho fanibeluti, mafyuzi ndi kapaipi ka mahabu kapadera mugulire mumzinda musananyamuke.